MPINGO WAUNG'ONO USAMAYEMBEKEZE MALIRO

M'midzi yambiri ya m'Cigawo ca Kum'mawa, kucokera ku Lundazi kufikira ku Nyimba, muli nyumba za mapemphero zazing'ono, zina zofolera ndi udzu, zina ndi malata. Akristu amene amasonkhanamo ndi ocepa kotero kuti munthu mmodzi akapanda kuoneka pa Sabata, onse amadziwa kuti mpando wakutiwakuti ulibe mwini lero. Kucepa kumeneku ambiri amakuyesa kufooka, koma m'menemo ndimo muli mphamvu imene mipingo ikuluikulu ya m'matauni imaisowa.

Mipingo ya ciPresbyterian siinayambe dzulo m'cigawoci. Amishoni a Dutch Reformed Church ocokera ku Orange Free State anamanga msasa wao pa Magwero, pafupi ndi Chipata, m'caka ca 1899, ndipo nchito yao ndiyo inabala Reformed Church in Zambia. Mbusa woyamba wa m'dziko muno mu mpingowo, Justo Mwale, anadzozedwa mu 1929. Kumpoto kwa cigawo uthenga unadza ndi a mishoni ya Livingstonia, imene inayamba m'mbali mwa nyanja ya Malawi mu 1875, ndipo mu 1984 mipingo ya CCAP ya m'Zambia inalandira Sinodi yakeyake ku Lundazi.

Mipingo iwiriyi imafanana pa kayendetsedwe kake. Liu lakuti Presbyterian linacokera ku Cigriki, ndipo tanthauzo lake ndi mkulu. Mpingo sulamulidwa ndi munthu mmodzi ai, koma ndi bungwe la akulu osankhidwa ndi Akristu anzao, pamodzi ndi mbusa. Kumidzi mbusa mmodzi amakhala ndi nyumba za mapemphero zambiri zotalikirana, ndipo kwina amafikako mwa kamodzikamodzi, makamaka pa nthawi ya ubatizo ndi Mgonero wa Ambuye. Masiku ena onse mpingo uli m'manja mwa akulu, amene aliyense amapatsidwa dera lake ndi mabanja oti aziwayendera, ndiponso mwa atumiki, amene ena amawacha madikoni. Udindo wa atumikiwa ndi wakale ndithu. Buku la Macitidwe a Atumwi, mutu 6, limasimba kuti amuna asanu ndi awiri anasankhidwa cifukwa akazi amasiye ena analikuiwalidwa pogawa cakudya.

Pa maliro, mipingo yaing'onoyi siicititsa manyazi. Uthenga ukangomveka, amai a Cigwirizano, kapena a Umanyano kumbali ya Lundazi, amafika ndi ufa, nkhuni ndi ndiwo. Amuna amasonkha moto panja, anyamata amathandiza adzukulu kumanda, ndipo nyimbo sizileka kufikira mbandakuca. Wofedwa sagona yekha. Ici ndi cinthu coyenera kutamandidwa, pakuti akale anati mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako.

Komabe pali funso limene bungwe la akulu liri lonse liyenera kudzifunsa. Kodi nkhalamba ija imene yaikidwa ndi nyimbo zokoma, ndi angati anaiyendera miyezi imene inali gone m'nyumba yodontha? Kawirikawiri ufa umene unasowa pamene munthu anali kudwala umapezeka woculuka tsiku la maliro ake. Ndalama ya galimoto yopita naye ku cipatala ca Nyanje kapena ca St Francis ku Katete inasowa, koma ya bokosi yasonkhedwa m'mawa umodzi. Thandizo lotere, ngakhale liri labwino, lafika mocedwa.

Cilala ca mu 2024, cimene Boma linacilengeza m'mwezi wa February kuti ndi tsoka la dziko lonse, cinaonetsa poyera kuti njala siigwira anthu mofanana. Banja lokhala ndi ng'ombe, dimba kapena mwana wogwira nchito ku Lusaka linapeza pothawira. Gogo wolera ana amasiye analibe kolowera. Thandizo la Boma ndi la mabungwe limayamba ndi kulemba maina, ndipo limatenga nthawi kuti lifike. Mkulu wa mpingo amene amayendadi m'dera lake safuna kaundula kuti adziwe nyumba imene utsi sunafuke masiku awiri.

Njira zothandizira sizifuna cuma cambiri. Pa nthawi ya masika, pamene Akristu amabwera ndi cimanga, nshawa ndi nyemba zothokozera Mulungu, mpingo ukhoza kupatula gawo lina osaligulitsa, kuti lisungidwe kufikira January ndi February, miyezi imene nkhokwe zimakhala zitagona. Acinyamata akhoza kupatula tsiku limodzi lolimira wodwala mvula ikagwa, pakuti munda wocedwa kubzala ndi njala ya caka camawa. Kufolera nyumba ya nkhalamba m'mwezi wa October ndi nchito ya tsiku limodzi kwa amuna asanu. Zoperekazo ziyenera kulembedwa m'buku ndi kuwerengedwa pamaso pa mpingo, cifukwa pamene ndalama zikhala za cinsinsi, mtima wopereka umazirala.

Palinso nkhani ya akazi amasiye. Maliro akatha ndi anthu akabalalika, ndi pamene acibale ena a mwamuna amayamba kunyamula mbale, njinga ndi malata. Dziko la Zambia liri ndi lamulo la mu 1989, lochedwa Intestate Succession Act, lonena za cuma ca munthu womwalira wosasiya wilo. Pa magawo 100 a cumaco, 50 ndi a ana, 20 a mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 a makolo a malemu, ndipo 10 a ena amene malemuyo anali kuwasunga. Malo a m'manja mwa mafumu lamuloli silimawakhudza. Akazi ambiri a kumidzi salidziwa lamuloli, ndipo ena amaopa kulankhula. Mkulu wa mpingo akakhalapo tsiku logawa katundu, pamodzi ndi a nyakwawa, manja aatali amabwerera okha.

Cobvuta cina n'cakuti m'mpingo waung'ono mtolo umagwera anthu omwewo caka ndi caka, makamaka amai awiri kapena atatu amene sadziwa kukana. Iwowa nawonso amatopa, ndipo ali ndi minda ndi ana. Mutu umodzi susenza denga. Bungwe la akulu licita bwino kugawa nchito mwa kasinthasintha, kuti wolandira thandizo caka cino akhale pakati pa opereka caka camawa, ngakhale ndi mtolo wa nkhuni cabe. Potero palibe amene adzaoneka ngati wopemphapempha.

Mvula isanayambe, mkulu aliyense ayendere nyumba zonse za m'dera lake, ayang'ane denga ndi nkhokwe, ndipo akauze bungwe zimene waona pamene eni ake akali moyo.