Za M'nyumba Mwathu: Kumata Magetsi a Lamba

Magetsi a LED okhala ngati lamba aja amakhala ndi zomatira zake kumbuyo. Koma kunyanja kuno kutentha kwa mu Okutobala kumafewetsa zomatirazo, lamba n'kuyamba kulendewera poti ana angakoke.

Musanamate, pukutani malowo ndi sipiliti, mudikire paume. Khoma la laimu limayoyoka, choncho khomani kaye kathabwa kosalala, lamba mumate pakathabwapo. Supagulu msiyeni: amauma gwa, ndipo tsiku lochotsa lambayo amang'ambika. Silikoni wonunkha ngati viniga amadya kopa wa m'lambamo. Kusitolo funsani wolembedwa kuti neutral.

Kufupi ndi malata kapena kukhitchini, onjezani tizipanira tokhomera ndi misomali, koma msomali usaboole lambayo.