Foni ikumbutse, koma isalande ntchito ya namwino

Sabata yatha pa msika wina wa kuno ku Angónia ndinapeza mnyamata atazunguliridwa ndi anthu. Amauza aliyense kuti aike chala pa galasi la foni yake, foniyo nkuonetsa nambala yomwe iye amati ndi ya shuga wa m'magazi. Mayi wina amene ndimadziwa kuti ali pa mankhwala a shuga anachoka pamenepo akusekerera, ati wachira.

Abale anga a ku Ulónguè, Dómuè, Tsangano ndi Zóbuè, limenelo ndi bodza. Galasi la foni silingaone za m'magazi. Kuchipatala amabaya chala, kadontho ka magazi nkuikidwa pa kapepala kolowetsa m'kamakina koyezera. M'chaka cha 2024 bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku America, linachenjeza anthu kuti asakhulupirire ngakhale mawotchi ndi mphete zimene amati zimayeza shuga popanda kubaya khungu.

Komatu sindikunena kuti foni tiitaye. Matenda a shuga sachoka m'thupi, ndipo wodwala amaonana ndi namwino tsiku limodzi pa mwezi kapena kuposerapo. Masiku ena onsewo amadzisamala yekha, ndipo apa mpamene foni iri ndi ntchito. Pali mapulogalamu oikidwa m'foni amene amalira nthawi yomwa metformin kapena yobaya insulin ikakwana. Amasunganso nambala iriyonse imene mwayezedwa, tsiku lake ndi chimene munadya. Namwino akaona mndandandawo amadziwa ngati mankhwala akugwira. Ambiri a ife timalandira chithandizo uku ndi uko, lero kwathu kuno, mawa ku Dedza kapena ku Ntcheu. Mbiri ya matenda ikakhala m'foni imaoloka nafe malire.

Polemba nambala lembaninso muyezo wake, pakuti makina ena amawerenga mwa mg/dL, ena mwa mmol/L. Shuga akatsika kupitirira 70 mg/dL, yomwe ndi 3.9 mmol/L, munthu amanjenjemera ndi kutuluka thukuta. Pamenepo musafunse foni, imwani madzi osungunuliramo shuga msanga. Ndipo foni isakuuzeni kuchepetsa, kuonjezera kapena kusiya mankhwala. Mawu amenewo ngochokera kuchipatala basi.

Vuto nlakuti mapulogalamu ambiri analembedwa m'Chingerezi kapena m'Chipwitikizi, amafuna foni yodula ndi intaneti, ndipo amakamba za zakudya zomwe agogo athu sanazionepo. Ife tikufuna kumva za nsima, kachewere, chinangwa ndi thobwa. Tikufuna kuuzidwa kuti ndiwo zamasamba ndi nyemba zichuluke m'mbale, mitanda ya nsima ichepe, ndi kuti mapazi tiziayang'ana tsiku ndi tsiku chifukwa chilonda cha munthu wa shuga chimachedwa kupola.

Zimenezi nzotheka. M'chaka cha 2014 boma la Senegal pamodzi ndi mabungwe a WHO ndi ITU linayamba kutumiza mauthenga a SMS kwa odwala shuga m'nyengo ya Ramadan, kuwalangiza za kadyedwe ndi mankhwala. Uthenga wotere umafika ndi pa kafoni kamabatani komwe. Ngati ife timatha kulandira ndalama pa M-Pesa ndi e-Mola, tingalephere bwanji kulandira uphungu?

Choncho pempho langa ku Unduna wa Zaumoyo ndi makampani a mafoni ndi ili: titumizireni mauthenga m'Chinyanja, olembedwa ndi omvera kukhutu kaamba ka amene sawerenga, ndipo akhale aulere. Koma poyamba m'zipatala zathu musasowe timapepala toyezera ndi mankhwala, pakuti foni yokumbutsa munthu kumwa mapiritsi amene alibe siithandiza kanthu.

Ndipo inu mayi amene munaika chala pa galasi paja, musasiye mapiritsi anu. Pitani akakubayeni chala, mukamve zoona.