Kachisoti ka pa Dzina la Malaŵi

Mwana wa sukulu wa kuno ku Linthipe akatenga foni nalemba dzina la dziko lake, Malaŵi, ndi kachisoti kake pamwamba pa w, dzinalo limakafika kwa mlongo wake ku Johannesburg lili lathunthu. Iye saonapo chodabwitsa. Komatu kale sizinali chomwecho, ndipo amene anakonza njira imene imanyamula kachisotiko anali pa ntchito imene amalonda anaiyesa yolephera. Nkhani yao ili ndi phunziro kwa ife aphunzitsi, ndiponso kwa inu amene mwangotsiriza sukulu.

Kompyuta iliyonse, ngakhale foni, ili ndi pulogalamu yaikulu imene imayang'anira zonse monga kapitao pa ntchito. Ndiyo imagaŵa malo osungira, kulandira zimene munthu walemba ndi kuziika pamalo pake. Windows, Android ndi Linux ndi ena mwa akapitao otere. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ku Bell Labs m'chigawo cha New Jersey ku America, Ken Thompson, Rob Pike, Dave Presotto ndi Phil Winterbottom anayamba kupanga kapitao watsopano namutcha Plan 9. Thompson yemweyo ndi amene anayambitsa Unix mu 1969 pamodzi ndi Dennis Ritchie, pa nthaŵi imene kompyuta imodzi yaikulu inkatumikira anthu ambiri. Koma tsopano makompyuta ang'onoang'ono anali atachuluka, ndipo funso linali lakuti: kodi makina ambiri olumikizidwa angathe kugwira ntchito ngati amodzi?

Yankho lao munthu wa kumudzi angalimve msanga. Pamudzi si nyumba iliyonse imene ili ndi chigayo chake. Chimanga chimakhala m'nkhokwe, chigayo chili kumsika, ndipo nsima imaphikidwa pakhomo. Mu Plan 9 namonso ntchito inagaŵidwa patatu: makina ena ndi osungira monga nkhokwe, ena amphamvu ndi oŵerengera monga chigayo, ndipo munthu amakhala pa kamakina kopepuka kamene kamangoitanitsa zonsezo. Kuti zimenezi zitheke, anakhazikitsa lamulo limodzi lakuti chinthu chilichonse chizioneka ngati fayilo, yoti munthu angaitsegule, kuiŵerenga ndi kulembamo. Makina onse ankalankhulana mwa njira imodzi yotchedwa 9P, kotero kuti chinthu cha kutali chinkagwiritsidwa ntchito ngati chili pomwepo.

Nanga pamsika zinayenda bwanji? Plan 9 anaperekedwa ku mayunivesite mu 1992, anayamba kugulitsidwa mu 1995, ndipo mu 2000 anatsegulidwa kuti aliyense aone m'kati mwake. Ogula sanabwere ambiri. Anthu anali atazoloŵera kale Unix ndi Windows, zimene zinkagwira ntchito mokwanira, ndipo munthu sagwetsa nyumba yosadontha chifukwa chakuti waona ina yokongola. Mu 2021 kampani ya Nokia, mwini wake wa Bell Labs, inapereka umwini wa pulogalamuyo kwa bungwe la Plan 9 Foundation.

Wina anganene kuti nkhani yathera pamenepa. Ife tikuti iyai, ndipo umboni wathu ndi kachisoti kaja. Makompyuta ambiri akale ankadalira ndandanda yotchedwa ASCII, ya zizindikiro 128 zokha, zokwanira Chingerezi basi. Chilembo chathu cha ŵ munalibe. Ndandanda yaikulu ya Unicode inapatsa nambala zilembo za zinenero zambirimbiri, koma panafunika njira yabwino yosungira ndi kutumizira manambalawo popanda kuononga zolembedwa zakale. Mu September 1992, Thompson ali ndi Pike pa nyumba ina yodyera ku New Jersey, analemba njira yotereyi pa kapepala koikapo mbale. M'masiku oŵerengeka anaiika mu Plan 9 yense. Njirayo ndiyo UTF-8, ndipo lero pafupifupi masamba onse a pa intaneti amaigwiritsa ntchito. Mchewa, Mwarabu ndi Mtchaina amalemba m'zilembo zao chifukwa cha njira imene inayesedwa koyamba m'pulogalamu imene inakanika kugulitsidwa.

Zipatso zina zilipo. Kampani ya Microsoft inatenga 9P kuti Windows ndi Linux zizitha kuonetsana mafayilo pa kompyuta imodzi. Pike ndi Thompson, pamodzi ndi Robert Griesemer, anapanga chinenero cholembera mapulogalamu chotchedwa Go, chimene Google inalengeza mu 2009. Ndipo mukatumiza ndalama pa foni mutagulitsa mbatatesi m'mbali mwa msewu wa M1, foniyo imangoitanitsa, pamene kusunga ndi kuŵerengera kumachitikira pa makina a kutali. Sitikunena kuti zonsezi zinachokera kwa Plan 9, koma ganizo logaŵa ntchito ndi lomwe lija.

Tsono tiyang'ane kwathu. Phunziro la kompyuta lili pa mayeso a MSCE, koma sukulu zambiri za kumudzi zili ndi makina ochepa, ena akale. Chifukwa cha kusoŵa kumeneku, timathamangira kuphunzitsa ana poti adine ndi poti asindikize, osawauza chifukwa chake. Mwana wotere adzadziŵa kugwiritsa ntchito zimene ena anapanga, koma pulogalamu ikasintha maonekedwe adzasokonezeka. Tiyenera kunena zoona kuti palibe adzalembedwe ntchito ku Lilongwe chifukwa chodziŵa Plan 9. Phindu lake lili poti ndi yaing'ono, ndi yaulere, zam'kati mwake nzoŵerengeka, ndipo imayenda ngakhale pa kakompyuta kotsika mtengo ka Raspberry Pi. Makompyuta atatu akale olumikizidwa ndi waya angaphunzitse mwana zambiri za m'mene makina amalankhulirana kuposa kompyuta imodzi yatsopano yotsekeredwa mu ofesi.

Mlimi wanzeru wa kuno ku Dedza amasiya mizere iŵiri kumalire a munda kuti ayesepo mbewu yachilendo. Mizereyo siidzaza ngolo, ndipo chaka china siibala konse, koma mbewu ya mtsogolo imachokera pamenepo. Aphunzitsi anzanga, tiwasiyire ana athu mizere yotereyi m'kalasi, kumene angayese, kulakwitsa ndi kufunsa osaopa kusekedwa. Nanunso amene mayeso sanakuyendereni monga munafunira, musadziŵerengere ndi chikalata chokha. Anthu a ku Bell Labs aja sanapeze ogula, koma ntchito yao timaigwiritsa tsiku ndi tsiku tikamalemba dzina la dziko lathu molondola.