Ana athu akuloweza, koma sakumva

Pa chinkhoswe china chaposachedwa, mnyamata wa Fomu 4 anatsekula botolo la Fanta lomwe linakhalitsa padzuwa, thovu n'kumwazikira pachitenje cha mayi wina. Zimachitika zimenezo. Chinandiwawa ine n'chakuti nditamufunsa chifukwa chake chakumwa chofunda chimatuluka mwaukali chonchi, anangoti kukamwa yasa. Chonsecho mnyamata yemweyu amalakatula lamulo la Le Chatelier osaphonya ngakhale liwu limodzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nkhani yake ndi yosavuta. M'botolo lotseka, mpweya wa carbon dioxide umalowa m'madzi pamene wina ukutuluka, pa liwiro lofanana, ndiye kwa ife zimaoneka ngati zangokhala phee. Mukachotsa chitsekerero, mpweya womwe unapanikizika pakhosi pa botolo umathawa, wa m'madzi uja n'kuthamangira kukalowa m'malo mwake. Kutentha kumakankhiranso mbali yomweyo, pakuti madzi ofunda sasunga mpweya wambiri. Henri Le Chatelier wa ku France anafotokoza mu 1884 kuti zinthu zokhazikika chotere mukazisokoneza, zimasunthira mbali yochepetsa msokonezowo.

Mwina mukuti zonsezi n'zazing'ono. Yang'anani thumba la feteleza. Mu 1909, Fritz Haber wa ku Germany anaphatikiza nitrogen ndi hydrogen n'kupanga ammonia, ndipo Carl Bosch anafikitsa lusoli kufakitale ya ku Oppau mu 1913. Magawo anayi a mpweya amasanduka awiri, choncho akaupanikiza kwambiri, ammonia amachuluka. Vuto lili pa kutentha. Kuphatikizanaku kumatulutsa kutentha pakokha, motero kuzizira ndiko kukanapatsa ammonia wambiri, koma pozizira ntchito imayenda mwaulesi. Ndiye amalolera kutentha kwa madigiri pafupifupi 450, amaikamo chitsulo chofulumizitsa ntchito, n'kumachotsa ammonia akangopangika kuti wina apangikenso. Urea amene timabereketsera chimanga amachokera ku ammonia ameneyu.

Ndipo lamuloli limatitsatira mpaka kumunda. Urea mukangomwaza pamwamba pa nthaka osakwirira, amayamba kutulutsa ammonia, mphepo n'kumunyamula, wina n'kutulukanso, makamaka kukatentha. Ndi mmene feteleza wakwerera mtengomu, imeneyo ndi ndalama ya banja ikuuluka dzuwa likuswa mtengo.

Ine ndakhala ndikudandaula za kuloweza kumeneku kwa zaka zambiri, ndipo ndikudziwa kuti makolo anzanga mukuziona nanunso. Mwana amabwera ndi kope lodzaza mivi yoloza kumanja ndi kumanzere, koma kumunda kwa amayi ake alibe choti anene. Sindikunyoza aphunzitsi, ambiri akuphunzitsa Chemistry ndi choko chokha basi, ndipo amaphunzitsa zomwe akudziwa kuti zikabwera pamayeso.

Choncho inu okonza mayeso a MSCE, yambani ndinu. Mufunseni mwana chifukwa chake mlangizi wa zaulimi amati tizikwirira Urea, ndipo amene wayankha bwino funso limenelo mum'patse malikisi ake onse.