Nyanja ya Kariba Ili ndi Eni Ake

Ana anga ndi adzukulu anga, ndamva kuti ambiri a inu mukapeza tchuthi ndi kangachepe m'thumba, mtima ukumathamangira ku Kariba. Ena mwaona zithunzi za mchenga wa ku Siavonga, ena mwamva za maboti ogonamo, enanso akuuzani za nyenyezi za kumeneko. Ine ndikuti pitani ndithu. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo kandimverere anakanena za m'maluwa. Munthu azikaona yekha zimene Mulungu analenga ndi zimene anthu anamanga. Koma musanamange katundu, khalani pansi kaye ndikutsineni khutu, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi. Langizo langa ndi limodzi: nyanja imeneyi ili ndi eni ake, ndipo amasangalala nayo ndi mlendo amene wadziwa zimenezo.

Kariba ndi yosiyana ndi nyanja ya Malawi imene makolo athu anaipeza ilipo kale. Iyi inachita kupangidwa. Pakati pa 1955 ndi 1959, m'nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, anatseka mtsinje wa Zambezi pamalo pamene madzi ankadutsa mopanikizika pakati pa mapiri. Khoma limene anamanga ndi lalitali mamita 128, ndipo madzi anapitiriza kukwera kumbuyo kwake mpaka 1963. Lero nyanjayi yatalika kupitirira makilomita 220, m'lifupi pena ikufika makilomita 40, mbali ina Zambia, mbali ina Zimbabwe. Pa madamu onse a padziko lapansi, ili ndilo limatchulidwa kuti limasunga madzi ochuluka kwambiri. Pamwamba pa khomalo pali msewu, ndipo malire a mayiko awiriwa amadutsa pomwepo, choncho pasipoti isatsale kunyumba.

Mukakaima pakhoma limenelo, kumbukirani manja amene analimanga. Ntchito inali m'manja mwa kampani ya ku Italy yotchedwa Impresit, koma onyamula simenti ndi kuswa miyala anali anthu akuda zikwizikwi, ena mwa iwo ochokera ku Nyasaland, agogo a ena a inu. Mu 1957 ndi 1958 Zambezi anasefukira moopsa n'kuwononga zina zimene zinali zitamangidwa. Anthu 86 anafera pantchitoyi. Paphiri la m'tauni ya Kariba, mbali ya Zimbabwe, pali katchalitchi ka St Barbara kamene amisiri a ku Italy anamanga pokumbukira anzawo. Kwerani mukakaone musanapite kukasewera pamadzi.

Nkhani yolemera kuposa imeneyi ili pansi pa madzi. Chigwa chimene chinamizidwa chinali kwawo kwa Atonga a ku Gwembe, amene ankalima m'mphepete mwa Zambezi, n'kumakolola ngakhale m'chilimwe pa dothi lachinyontho limene mtsinje unkasiya. Anthu pafupifupi 57,000 anasamutsidwa, ambiri atakwezedwa m'malole n'kukatulidwa kumalo ouma, amiyala, kumene mbewu sizinkachita bwino. Abale amene ankangowoloka pabwato kukachezerana anapezeka atalekanitsidwa ndi nyanja, ndipo kenako ndi malire a mayiko. Mu 1958, m'dera la Mfumu Chipepo, anthu amene anakana kusamuka analimbana ndi apolisi, ndipo asanu ndi atatu anaphedwa. Minda, manda a makolo ndi malo operekera nsembe zonse zinatsala pansi. M'zaka zomwezo, Rupert Fothergill ndi anzake ankayenda pamaboti kupulumutsa nyama zimene zinatsekeredwa pazilumba, pantchito yotchedwa Operation Noah, ndipo anapulumutsa nyama pafupifupi 6,000. Dziko lonse linamva za nyamazo. Za anthu aja linamva pang'ono, ndipo midzi yambiri ya osamutsidwawo inakhala zaka zambirimbiri yopanda magetsi pamene nthambo zochokera pa damulo zinkadutsa kupita kumigodi ndi kumizinda.

Sindikunena izi kuti ndikuchotsereni chimwemwe. Ndikufuna kuti mukakhala pamwamba pa boti, chakumwa chozizira chili m'manja, muzikumbukira mawu a akulu akuti ukakhala pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame. Mitengo youma imene mudzaione itaima m'madzi, nkhwazi itatera pansonga pake, yambiri ndi tsanya ya m'nkhalango imene inamizidwa. Yaima pamenepo zaka zoposa 60, ndipo pafupi nayo panali njira za anthu, nkhokwe ndi mabwalo.

Tsono mukafika, khalani alendo aulemu. Mukakumana ndi mayi wa Chitonga m'mawa, nenani kuti "Mwabuka buti", ndipo akakuthandizani muziti "Twalumba". Ku Siavonga Chinyanja chidzakuyendetsani bwinobwino, komabe moni wa m'chilankhulo cha mwini dera umatsegula mtima. Musajambule munthu, mwana wake kapena nyumba yake musanapemphe. Mukaona ndodo zosemedwa za Nyaminyami, mzimu wa mtsinje umene Atonga amati uli ndi mutu wa nsomba ndi thupi la njoka, musaseke. Mwina chipembedzo chanu sichikuvomereza, koma kwa eni ake nkhani imeneyi ndi yokhudza mtsinje umene analandidwa. Pogula nsomba kwa msodzi, kapena madengu oluka mwaluso ngati a ku Binga, musamenye mtengo mpaka wogulitsa atsale wopanda phindu, pamene dzulo lake munalipira kuhotela osawiringula. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza.

Tiyeni tsopano ku madzi enieniwo, kumene mitima yanu ili. Zosangalatsa zilipo zambiri. Pali maboti akuluakulu okhala ndi zipinda, khitchini ndi woyendetsa wake, amene banja kapena gulu la abwenzi limatha kubwereka masiku angapo. Pali maboti othamanga okoka anthu otsetsereka pamadzi, pali timabwato topalasa, palinso ulendo wa madzulo wokaona dzuwa likulowa. Okonda mbedza amapita kukalimbana ndi tigerfish, nsomba ya mano akuthwa imene ikakodwa imadumpha m'mwamba n'kumadzipukusa mpaka nthawi zambiri kulavula mbedza. Chaka ndi chaka, cha mu Okutobala, ku Kariba kumachitika mpikisano waukulu wa nsomba imeneyi. Mbali ya Zimbabwe kuli nkhalango yotetezedwa ya Matusadona, kumene njovu ndi njati zimatsikira kugombe kudzadya msipu, inu mukuziona muli m'boti.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Madzi a Kariba amaoneka odekha ndi oitana, makamaka masana a Okutobala pamene kutentha kumatha kupitirira madigiri 40. M'madzi omwewo muli ng'ona zambiri. Ng'ona sichita phokoso, ndipo imaphunzira malo amene anthu amakonda kutungapo madzi, kutsukirapo nsomba kapena kusambapo. Inu amene munakulira ku Salima kapena ku Nkhata Bay mungaganize kuti kulikonse kumene kuli mchenga ndi posambira. Ku Kariba musatero. Ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo. Funsani eni malo ogona, funsani woyendetsa boti, funsani msodzi, ndipo akati "apa ayi", mverani ngakhale mutaona ena akusambira. Safunsa anadya phula. Ngati thupi lafuna madzi, mahotela ambiri ali ndi maiwe osambiramo, ndipo maboti ena ogonamo ali ndi khola lachitsulo lotsitsira m'madzi kuti anthu asambe motetezeka. Ana musawalole kusewera m'mphepete mwa madzi, makamaka mbandakucha ndi chisisira. Musalendewetse miyendo kapena manja kunja kwa bwato. Mvuu nayo imatuluka usiku kukadya udzu, ndipo munthu wopezeka pakati pa iyo ndi madzi amakhala pangozi yaikulu.

Pali mdani wina wosaoneka ndi maso. M'madzi osaya, odekha, okhala ndi zomera, mumakhala tinkhono timene timafalitsa likodzo. Tizilombo take timalowa pakhungu popanda ululu, ndipo zizindikiro zimadza patapita milungu, monga magazi m'mikodzo kapena kupweteka kwa m'mimba. Ngati munalowa m'madzi, mukabwerera kwanu kayezetseni kuchipatala. Mankhwala ake alipo, ndipo matendawa amachira akagwidwa msanga. Chigwa cha Zambezi ndi dera la malungo, choncho muzigona m'neti.

Pokwera boti, valani jekete loyandamitsa ngakhale mumadziwa kusambira, ndipo mwana aliyense akhale ndi lake lomukwana. Amene mumaudziwa mwera wa panyanja ya Malawi mukudziwa kuti madzi aakulu sachedwa kusintha nkhope. Karibanso ndi chimodzimodzi: mphepo ikauka, mafunde amakula msanga, ndipo pansi pa madzi pali zitsa za mitengo ija zimene zimaboola boti kapena kuthyola chopukusa cha injini. Woyendetsa akanena kuti lero sitichoka padoko, musamukakamize chifukwa choti mwalipira kale. Tsoka silinunkha. Mowa nawo usakwere boti limodzi ndi woyendetsa, ndipo woledzera asalowe m'madzi. Maliro ambiri a pamadzi amayamba ndi mawu akuti "ndingofika apo pokha". Sunga khosi, mkanda uoneke.

Dzuwa likalowa, musathamangire kuchipinda kukayatsa wailesi yakanema, pakuti chimene chimasowa m'tauni chimayamba nthawi imeneyo. Ambiri a inu mwakulira ku Lilongwe, Lusaka, Harare kapena Johannesburg, kumene magetsi a m'misewu anaphimba thambo. Kutali ndi matauni a m'mbali mwa Kariba mdima ndi weniweni. Sankhani masiku amene mwezi uli mumdima, makamaka pakati pa Meyi ndi Ogasiti pamene mitambo yapita koma utsi wa lupsa usanadzaze mlengalenga. Zimitsani nyali, ikani foni m'thumba, ndipo khalani chete pafupifupi theka la ola kuti maso azolowere. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Poyamba mudzaona nyenyezi zowala zokhazokha. Kenako zing'onozing'ono zidzayamba kutuluka pakati pa zinzake, mpaka mudzaona Mlalang'amba utayala mkwasa wake woyera kuchokera mbali ina ya thambo kufika mbali inayo. Chakummwera kuli nyenyezi zinayi zopanga mtanda, ndi ziwiri zowala zoloza kumene mtandawo uli, zimene apaulendo akhala akudziwira nazo kummwera kuyambira kale. Mukapita mvula ili pafupi, cha mu Novembala, madzulo chakum'mawa mudzaona kagulu ka Nsangwe, kamene anthu a m'mayiko athu ano ankadziwira kuti nyengo ya khasu yafika, ndipo pambuyo pake pamatuluka Akamwiniatsatana, atatu ondondozana. Nyengo imene Nthanda ikutuluka m'mawa, dzukani tambala woyamba mukaione. Ana anu aphunzitseni mayina amenewa. Foni idzawauza a Chingerezi, koma awa adzawamva kwa inu nokha.

Mukatsitsa maso mudzaonanso nyali zina zitandandalika pamadzi. Amenewo ndi asodzi a kapenta ali pantchito. Kansomba aka anachita kukatenga ku nyanja ya Tanganyika m'zaka za m'ma 1960 n'kudzakathira mu Kariba, ndipo lero ndi ndiwo ya mabanja ochuluka ku Zambia ndi ku Zimbabwe. Amakagwira usiku ndi kuwala, monga mmene asodzi athu amachitira ndi usipa: nyali imaitana nsomba, ukonde wozungulira umatsitsidwa pansi, kenako amaukweza ndi chopukusira. Anyamata amenewo amachezera usiku wonse pamadzi, mphepo ikuwomba, kuti m'mawa kapenta ayanikidwe pathandala. Boti lanu lisayandikire maukonde awo, ndipo nyimbo zanu zisasokose usiku wonse, chifukwa phokoso limayenda patali pamadzi. Pamene inu mukupumula, ena ali kumunda kwawo.

Mwina mudzapeza madzi ataphwera, gombe litatalika, madoko ena atatsala pouma. Kariba imadalira mvula yogwa kutali, kumtunda kwa Zambezi, ku Angola ndi kumpoto chakumadzulo kwa Zambia. Bungwe la Zambezi River Authority ndilo limagawira mayiko awiriwa madzi opangira magetsi. Chilala cha 2024 chinatsitsa nyanjayi kwambiri moti ku Zambia magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, ndipo ometa, owotcherera zitsulo ndi ogulitsa zozizira anasowa pogwira. Mukakapeza magetsi akuvuta pamalo ogona, musakalipire wantchito ngati ndiye wabisa mvula. Madzi amene mukuseweramo ndi omwewo amene akuyatsa zipatala ndi masukulu a mayiko awiri. Musataye mabotolo ndi mapepala apulasitiki m'nyanja, musasiye ulusi wa mbedza pagombe pamene ungakole mbalame, ndipo nsomba imene simudya ibwezereni m'madzi.

Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Inu mudzakhalako masiku owerengeka n'kubwerera, koma msodzi, woyendetsa boti ndi mdzukulu wa osamutsidwa aja adzatsala, ndipo adzaweruza obwera pambuyo panu potengera khalidwe lanu. Konzani ulendo wanu, sungani ndalama zokwanira, tengani ana, ndipo ngati agogo akadali ndi mphamvu atengeninso, chifukwa mwina ali ndi nkhani ya m'bale amene anapita kukagwira ntchito pa khoma lija. Funsani musanalowe m'madzi, perekani moni musanajambule, ndipo lipirani mtengo woyenera. Mukachita zimenezi mudzabwerako amoyo, athanzi, ndiponso odziwa zambiri kuposa mmene munapitira. Mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Muyende bwino, ana anga.