Asiyeni ana apite kumasanje

Mukabwera ndi mwana kuchipatala, timakonda kukufunsani kuti, "Kodi akusewera?" Sitifunsa mongocheza ayi. Mwana akasiya kusewera n'kumangokhala ndwii, kawirikawiri amakhala kuti akudwala kapena wayamba kunyentchera. Komatu kusewera sikungosonyeza kuti mwana ali bwino, kumathandizanso kuti akule bwino.

Apa tikunena masewero amene ana amayambitsa okha popanda wamkulu wowauza chochita, monga masanje, chibisalirano, kuumba ng'ombe zadothi ndi kupanga galimoto zamawaya. Ubongo umakula mofulumira kwambiri m'zaka zisanu zoyambirira, ndipo umakhwima ndi zimene mwana akuchita. Kumasanje ana amagawana maudindo, kukangana n'kugwirizananso, ndipo potero amaphunzira kulankhula, kudikira mpata wawo ndi kuugwira mtima. Woumba dothi akulimbitsa zala zimene zidzagwire pensulo. Tayala la galimoto likaguluka, mwana amaganiza yekha mmene angalikonzere.

Tsoka ilo, nthawi yotereyi tikuwalanda. Mwana wa zaka zitatu akuweruka kunazale ndi homuweki, ndipo akafika pakhomo tikumupatsa foni kuti asatisokoneze, kapena kumuletsa kutuluka kuopa kudetsa zovala.

Malangizo amene bungwe la WHO linatulutsa mu 2019 amati mwana wa chaka chimodzi mpaka zinayi azitakataka kwa maola osachepera atatu patsiku. Wosakwana zaka ziwiri asamaonere foni kapena wailesi yakanema, ndipo wa zaka ziwiri mpaka zinayi asapitirire ola limodzi. Ndime 31 ya pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989 imanenanso kuti kusewera ndi ufulu wa mwana.

Makolo, simukufunika kugula zidole. Zitsononkho, zitini zopanda kuthwa, mchenga ndi nsanza n'zokwanira. Udindo wanu ndi kuonetsetsa kuti akusewera kutali ndi moto, msewu ndi chitsime chosavundikira. Ayang'anireni chapatali, ndipo musathamangire kuweruza kamkangano kalikonse. Mwana wamkazi asamangokhalira kubereka mng'ono wake anzake akusewera, ndipo mwana waulumali asatsekeredwe m'nyumba.

Inu odzipereka pa zaumoyo, mukamayendera makomo, funsani kuti mwana amasewera chiyani komanso ndi ndani. Amene wasiya mwadzidzidzi, kapena amene sacheza ndi anzake n'komwe, mutumizeni kuchipatala akapimidwe.

Zovala zikada zimachapika, koma zaka zisanu zoyambirirazo zikapita sizibwereranso.