ZA MAYIMBIDWE: Kabokosi ka Gitala, Tigule Kati?

Anyamata oliza magitala a magetsi ku Kapichila ndi m'madera ena a Lundazi afunitsitsa kabokosi kopondera ndi phazi, kamene kamasintha mau a gitala. M'zaka za m'ma 1970, Paul Ngozi ndi gulu la WITCH anachuka ndi gitala wolira mokalipa. Masiku amenewo kabokosi kalikonse kanali ndi nchito imodzi. Lero nchito zonsezo ziri m'kabokosi kamodzi, kochedwa multi-effects. Mtengo wake ungameze matumba angapo a cimanga, motero gulu lisafulumire pogula. Tiyeni tifanizire mitundu itatu.

Zoom G1X Four, ya m'caka ca 2019, ndiyo yochipa ndi yopepuka. Imayenda ndi mabatire 4 a AA kapena pawa banki, ndipo iri ndi ng'oma zake zothandiza pophunzira nyimbo. Koma thupi lake ndi lapulasitiki, ndipo pofuna kukonza mau muyenera kufufuza pa kagalasi kakang'ono.

Boss ME-80, ya m'caka ca 2014, ndi yacitsulo. Imalandira mabatire 6 a AA. Ubwino wake waukulu ndi timakonono topotokola ndi dzanja: mau akaipa pakati pa nyimbo, mukonza pomwepo. Ndi yolemerako, ndipo mtengo wake uposa wa Zoom. Mu 2023 kunabwera mng'ono wake, ME-90.

Line 6 POD Go, ya m'caka ca 2020, imatsanzira bwino kwambiri mau a ma amplifaya ochuka, ndipo galasi lake ndi lalikulu, lamitundu. Koma ndiyo yodula pa zitatuzi, ndiponso siyenda ndi mabatire.

Tsono tigule iti? Yambani ndi funso la magetsi. Tonse tikumbukira caka ca 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku. Woyimba pa maukwati a kumudzi asankhe ya mabatire, ndipo sipika yake ikhalenso yochaja. Funso laciwiri ndi la ulendo. Kabokosi koyenda pa njinga kapena pa kanta, m'fumbi la mwezi wa Okutobala, kafunika kolimba. Apa Boss ipambana. POD Go iyenera gulu lokhala ndi magetsi odalirika kapena jenereta.

Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Popita kukagula ku Chipata kapena ku Lusaka, nyamulani gitala wanu, mulumikize ku sipika, muponde batani lirilonse. Mukafika kwanu, linganizani kukweza kwa mau onse amene mwasunga, kuti gitala asadzidzimutse anthu mukaponda.

Kwa oyimba m'kwaya ya pachalichi, mau awiri kapena atatu ofatsa akwanira, pakuti gitala ali pamenepo kuti athandize mau a anthu. Zoom ingagwire nchito imeneyo bwino lomwe, ndipo ndalama zotsala mungagulire nthambo zolimba ndi zingwe zatsopano za gitala.